Madzi a Zannis

Kunyumba kwanga madzi a alendo ankatha folo koloko masana. Sankatha okha ayi, ndinkatseka ndine. Mpopi wake waukulu uli kuseri kwa khitchini, pansi pa mkuyu. Alendo ankabwera kuchokera kunyanja mchere uli mbuu m'miyendo, kulowa m'bafa, kupotokola mpopi, zii. Kenako ankatsika masitepe atadzikulunga mathaulo kudzandifunsa.

"Pachilumba pano madzi amabwera pa sitima," ndinkawauza choncho m'Chingerezi changa cha mawu khumi ndi awiri. Silinali bodza. Amabweradi pa sitima, Lachiwiri lililonse, mphepo ikalola.

Mwana wanga Margaro, amene amakhala ku Atene, ankandiwerengera pa foni zimene alendowo alemba pa intaneti.

"Amayi, tamverani uyu. Akuti khonde n'lokongola, nyanja umaiona uli pabedi, mwini nyumba samwetulira, madzi kulibe. Watipatsa nyenyezi ziwiri."

"Ziwiri zakwana. Ndiphikira nyenyezi ine?"

"Koma thanki ija anamanga abambo ndi yaikulu. Madzi akupita kuti?"

"Dzuwa, mwanawe."

Madziwo ankapita kumanda, kwa bambo ake omwewo.

Mwamuna wanga Zannis ndinakhala naye zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anali munthu wofatsa, wa mtundu uja amakuvomera zonse kenako n'kukachita zake. Alendo atayamba kuchuluka, aliyense kuno anatulutsa mbuzi m'khola, kupakamo njereza, kuikamo bedi, n'kulemba chikwangwani. Ife tinali ndi zipinda zitatu, ndipo ine ndinkati zakwana. Ndiye ndinapita ku Atene kukachotsa ng'ala m'diso. Masiku asanu okha. Pobwera, diso likuona bwino tsopano, chinthu choyamba chimene linaona n'chakuti uvuni ya amayi anga palibe. Pamalo pake panali makoma a chipinda chachinayi.

Nyumbayo ndi yanga. Kuno nyumba imachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mwamuna amangobwera ndi thalauza lake. Uvuni imeneyo anamanga ndi agogo, ndipo Loweruka lililonse anthu onse a m'njira yathu ankabweretsamo miphika yawo ya nyemba za tchana. Zannis anaigumula ndi nyundo tsiku limodzi, njerwa zake n'kuthira m'maziko.

Linali Lamulungu, anthu akutuluka kumene m'tchalitchi. Ndinaima pamasitepe, chikwama chili m'manja, n'kukuwa mawu onse amene ndili nawo.

"Zannis, dothi lisakudye!"

Iye anangoti, "Zambeta, anthu."

Anthuwo analipodi. Mchemwali wake Evdokia, mlamu wanga, anali kutsogolo kwenikweni, ndipo anadzilemba chizindikiro cha mtanda katatu. Panalinso alendo awiri ovala zipewa amene anandijambula, poti ndinaima pafupi ndi maluwa.

Masiku asanu ndi atatu sitinalankhulane. Chakudya ndinkangomuikira patebulo. Tsiku lachisanu ndi chinayi anali pamakwerero akupaka penti wabuluu mawindo a chipinda chake chatsopanocho. Anatsika, kukhala pa sitepe, kugoneka burashi bwinobwino pamwamba pa chitini, n'kumwalira. Sanagwe. Zannis sankachita zinthu mwaphokoso.

Manda athu ali ndi malo makumi anayi ndi awiri basi. Chilumba chino ndi mwala, dothi la kumandako makolo athu anachita kututa pa abulu. Ndiye munthu amagona zaka zitatu, kenako timamufukula, kutsuka mafupa ake ndi vinyo, kuwaika m'kabokosi kachitsulo m'nyumba ya mafupa, malo n'kusiyira mnzake. Mudzi wonse umabwera kudzaona. Mafupa akatuluka oyera, anthu amapuma, amati Mulungu wamulandira. Akapezeka kuti sanasungunuke, ndiye kuti pali tchimo lalikulu kapena temberero, ndipo mzimu wake uli pakhomo, sunalowe. Zannis tchimo lalikulu akanalitenga kuti? Ankangobera pa makadi, naponso ankaluza. Akanapezeka wathunthu, womutsekera pakhomo akanakhala ine.

Evdokia sankalola kuti ndiiwale. Pa mapemphero a masiku makumi anayi, ndikugawa tirigu wophika pakhomo la tchalitchi, anatenga supuni yake, kutafuna, n'kunena kuti, "Shuga mwachepetsa, mlamu. Zaka zitatu si zambiri. Tidzaona."

Pa mapemphero a chaka ananenanso zomwezo, koma zaka anachotsapo chimodzi.

Ndinkaopa. Ndinene mosabisa, ndinkaopa zedi. Osati Evdokia, ameneyo ndakhala ndikulimbana naye kuyambira tili kusukulu. Ndinkaopa kuti Zannis waima penapake pakhomo lotseka, chipewa chili m'manja, osadandaula, monga ankaimira ku ofesi ya doko. Madzi akatayika saoleka, koma ine ndinati ndiyesabe.

Ndinakhala pansi n'kuganiza ngati munthu wanzeru. Chimaoletsa zinthu n'chiyani? Buledi akanyowa amachita nkhungu. Bwato limaolera kunsi, kumene kuli madzi. Nyamayi wa m'nyanja, wa miyendo isanu ndi itatu uja, ukamuyanika padzuwa amakhala chaka osaonongeka. Kuno mvula imagwa masabata ochepa, dothi la kumanda ndi louma gwaa ngati bisiketi. Dothi lotero lingadye munthu, munthu wake wotembereredwa? Ndinaona kuti likufunika kulithandiza.

Sindinafunse aliyense. Wodziwa zinthuzi ndi Lefteris, wokumba manda, koma kufunsa Lefteris n'chimodzimodzi kukwera patebulo m'nyumba ya khofi n'kulengeza. Ndiye folo koloko iliyonse, mudzi uli m'tulo ta masana, ndinkatseka mpopi wa alendo, kudzaza zigubu zinayi, n'kuyenda maulendo awiri. Kuchoka kwathu kukafika kumanda pali masitepe mazana awiri ndi khumi ndi awiri, okwera okhaokha. Maluwa a pamandapo ankafa ndi madzi sabata iliyonse, ine n'kumadzalapo ena kuti anthu aziti ndikuthirira maluwa.

Vuto n'lakuti manda athu ali pamalo okongola kuposa pena paliponse pachilumba. Mpanda woyera, katchalitchi ka denga labuluu, nyanja ili pansi apo. Akufa ndi amene anatenga malo abwino. Alendo sagona masana, amayenda padzuwa ngati abuluzi, ndiye tsiku lililonse ndinkawapeza atandandalika pampanda. Ndikamadutsa ndi zigubu ankakhala chete mwaulemu, mafoni n'kukwera m'mwamba. Chaka chachiwiri ndinapeza chithunzi changa m'sitolo ya kudoko, pa khadi lotumiza pa positi, mayi wamasiye wovala zakuda akukwera masitepe. Anandiika pakati pa mphaka ndi bulu. Bulu ndi amene ankagulidwa kwambiri.

Chilimwe chachitatu kunabwera Maraike, mayi wa ku Holland, wamtali ngati chitseko, mphunzitsi wopuma pantchito. Analipira masiku asanu, anakhala masabata asanu ndi limodzi. Amati mlendo ndi mame, koma ameneyu dzuwa linamulephera. Anagona m'chipinda chachinayi chija. Za madzi sanadandaulepo, ankangodzaza botolo m'mawa n'kusamba nalo madzulo. M'mawa ankazungulira mudzi kujambula zitseko. Zitseko zokha, abale. Anandionetsa zitseko zoposa zana, china chinali cha chimbudzi cha Lefteris.

Tsiku lina anandipeza pansi pa mkuyu ndikutseka mpopi. Anayang'ana mpopi, kuyang'ana zigubu, kundiyang'ana ine. Ndinati basi, nyenyezi imodzi. Iye anangowerama, kunyamula zigubu ziwiri, n'kuima kudikira kuti nditsogole.

Kuyambira pamenepo ulendo unakhala umodzi. Tinkalankhulana kudzera pa foni yake, iye kulemba chinenero chake, foni n'kutulutsa chathu. Anandifunsa kuti madzi onsewa n'chifukwa chiyani.

"Amamva ludzu," ndinatero.

Analira mayi uja. Anandiuza kuti mwamuna wake anamutentha, phulusa n'kuliwaza m'nyanja, ndiye alibe poti n'kupita. Ndinamuuza kuti akhoza kumathirira wangayu, ndi wofatsa. Tinkakhala pamwala pambali pa mandawo, iye akusenda pichesi, ine ndikumuuza Zannis nkhani za m'mudzi, amene wagulitsa munda, amene mwana wake wabwera ndi mkazi wa ndolo pamphuno. Za uvuni sindinkazitchula. Alendo anzake ankatijambula tonse awiri, Maraike n'kumawathamangitsa ndi dzanja ngati ntchentche.

Tsiku lofukula linaikidwa Lachinayi lotsatira chikondwerero cha Amayi Maria, mwezi wa Ogasiti. Margaro anati abwera, koma mphepo ya kumpoto inauka, sitima zonse n'kumangidwa kudoko la Pireya. Lachitatu masana, titathira zigubu zomaliza, ndinatenga foni ya Maraike n'kunena zonse. Uvuni, temberero, Evdokia, ndi chifukwa chenicheni cha madziwo. Aka kanali koyamba kuuza munthu, ndipo munthu wake anali foni.

Maraike anawerenga. Anawerenganso. Anayang'ana dothi lonyowalo nthawi yaitali, nkhope itasintha. Analemba zinthu zambirimbiri ndi chala, kuima, kufufuta zonse, n'kulemba zochepa. Foni inati, "Mawa ndibwera nanu."

Ndinamubwereka juzi yakuda. Manja ake anathera m'zigongono.

M'mawa mwake seveni koloko mudzi wonse unali kumanda. Ndinanyamula mtsuko wa vinyo, nsalu yoyera yopetedwa, ndi kabokosi kachitsulo kolembedwa dzina lake. Evdokia anavala diresi lake lakuda la pa Pasaka, n'kuima kumutu kwa manda, chikwama atachigwira ndi manja awiri. Pampanda panali kale alendo. Wansembe wathu, Bambo Iakovos, anawapempha kuti achoke, iwo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

Lefteris analavulira m'manja n'kuyamba. Mafosholo oyamba anatuluka bwino. Atafika m'mawondo dothi linayamba kuda. Atafika m'chiuno fosholo inkachita kulira potuluka, fwaa, matope okhaokha.

"Bambo, tabwerani mudzaone chozizwitsa," anatero. "Zaka mazanamazana tikuvutika madzi pachilumba pano, kasupe ali pansi pa Zannis."

Ena anaseka. Ine ndinali nditagwira mtsuko, ndipo mumtima ndinkati seka, Lefteris, ntchito imeneyo ndi yanga. Ndinkanyadira ndithu.

Kenako fosholo inagunda thabwa. Mwa masiku onse bokosi limapezeka litaphwasuka, Lefteris amangotola zidutswa. Ili linali lathunthu. Lefteris anasiya nthabwala. Anapala matope ndi manja, kulowetsa chitsulo m'mbali, n'kutukula chivundikiro.

Zannis analimo.

Osati mafupa, iyeyo. Suti yake yaukwati, manja atapingasa pachifuwa, nkhope yotuwa ngati sopo, koma nkhope yake. Mphumi yake yotakata ija, ndevu zake za pamlomo zopendekera kumanzere chifukwa ankameta osayang'ana pagalasi.

Amayi ena anakuwa. Ena anatembenuka. Manja onse anali kulemba mtanda, ndipo maso onse, atachoka m'dzenjemo, anabwera pa ine. Evdokia anatsegula pakamwa. Mawu amenewo anawasunga zaka zitatu, ndipo anawatulutsa pang'onopang'ono.

"Mwaona nonse. Lilime la mlamu wanga ndi ilo."

"Tadikirani kaye, mayi," anatero Lefteris ali m'dzenjemo. Anatapa matope, kuwafinya m'dzanja, madzi n'kudontha. "Matemberero ndawaonapo awiri pantchito ino, onse anali ouma. Ili lonyowa chonchi ndi lachilendo. Ndani wakhala akuthira madzi pano?"

"Mayi Zambeta amathirira maluwa," wina anayankha kumbuyo.

"Maluwa. Ndowa zingati, Mayi Zambeta?"

"Zigubu zinayi."

"Pa sabata?"

"Pa tsiku."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pa masiku makumi anayi."

Lefteris anavula kapusi, kukanda mutu ndi dzanja lamatope, kuvalanso.

"Koma mayi inu. Bwanji osandifunsa? Dothi limadya ndi mpweya. M'matope munthu saola, amakhala. Dothi louma lija likanamumaliza zaka ziwiri, ngati anzake onsewa. Mwamusunga ngati tchizi m'madzi amchere."

Safunsa anadya phula. Ndinacheukira Maraike, ndinapeza wazolika. Kwawo ndi kumadambo, ankadziwa zimene matope amachita ndi munthu. N'zimene analemba dzulo lake n'kufufuta.

Ngakhale a pampanda aja anatsitsa mafoni, kupatula mmodzi.

Apa m'pamene ndimayenera kufa ndi manyazi, ndipo ndinkayembekezera kuti afika. Mayi wamkulu, zaka zitatu kukwera phiri ndi bondo lotupa, kumana alendo madzi, kuti amusunge mwamuna amene ankafuna kumumasula. Mudzi uno udzaseka nkhani imeneyi mpaka zidzukulu. Koma manyaziwo sanabwere. Ndinaika mtsuko pansi, kuyandikira m'mphepete mwa dzenje, n'kugwada. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Ndinabwera kudzatenga mafupa a m'kabokosi, ndinapeza mwamuna wanga. Tsiku la maliro sindinamuyang'ane kumaso, ndinali ndidakali wokwiya ndiponso ndinkachita mantha. Tsopano ndinamuyang'ana mpaka kukhuta, ndipo sindinkafuna kuti munthu aliyense alankhule.

Amene analankhula ndi Evdokia. Mawu ake anali atatsika.

"Tsiku lililonse, mlamu?"

"Lililonse."

"Ndi m'nyengo yozizira yomwe?"

Evdokia anayang'ana masitepe aja kutsetsereka mpaka kumudzi, kenako anayang'ana bondo langa. Sananenenso kanthu, zomwe sizinachitikepo chibadwire chake.

Bambo Iakovos anatsokomola n'kutsegula buku. Anati kaya ndi madzi kaya ndi lilime, iwo si a zamadzi, koma mwambo wake ulipo. Munthu abwezeredwa m'manda zaka zina ziwiri, m'dothi louma, ndipo amene anamanga ndi amene amamasula, pamaso pa anthu amene anamva. Anawerenga pemphero lokhululukira, lalitali, mphepo ikuwaulutsira ndevu. Atamaliza anandiyang'ana.

"Nenani, mwana wanga."

"Zannis, ndakukhululukira za uvuni ija. Nawenso undikhululukire."

Zinatuluka mosavuta. Ndinadabwa kuti ndinkaziopa chiyani zaka zonsezi.

"Ndi mawu enawo," anatero wansembe. "Munanena kuti lisamudye. Tsopano liuzeni limudye."

Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ine Zambeta, amene mawu anga amamveka kudoko ndili pakhonde. Zaka zitatu ndinkapempha chinthu chimodzi chokhachi, kuti dothi limudye. Tsopano ali pamaso panga, mphumi yake, ndevu zake zopendekerazo, ndiuze dothi ndi pakamwa panga kuti tenga zonsezi, usasiye kanthu. Ndikadzabweranso ndidzapeze mafupa ofanana ndi a wina aliyense.

"Sindingathe, Bambo."

"Mukutsekera pakhomo munthu wosalakwa."

"Ndikudziwa. Tadikirani pang'ono."

Anadikira. Mudzi wonse unadikira. Lefteris anatuluka m'dzenje n'kuyamba kusonkhanitsa dothi louma la kumpanda, mwakachetechete, osandiyang'ana.

Kenako ndinamva munthu akugwada pambali panga, movutikira, akubuula. Anali Evdokia, ndi diresi lake la pa Pasaka, mawondo onse m'matope. Anasuzumira m'dzenjemo.

"Taonani mmene anametera," anatero. "Kuyambira ali mnyamata." Anandigwira dzanja, kulifinya mpaka kupweteka. "Mwamusambitsa mokwanira, mlamu. Tiyeni tinenere limodzi. Ine ndiyamba."

Tinanena, iye patsogolo pang'ono, ine pambuyo.

"Zannis, dothi likudye."

Chivundikiro sanabwezerepo, Lefteris anati chitsale kuti mpweya uzilowa. Ndinatambasula nsalu yoyera ija, imene ndinabweretsa kudzakulungira mafupa, n'kumupatsa kuti amufunditse pachifuwa. Anatsikanso m'dzenjemo, kuchita zimenezo, kutuluka, n'kudzaza fosholo. Anaima kumutu kwa manda, monga amayambira nthawi zonse.

"Lefteris," ndinatero, "yambira kumapazi."